Kodi munthu wamba angayende m'mayiko a nkhondo n'kubwerako bwinobwino?

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Kwa zaka 17 ndakhala ndikuphunzitsa ana za Babylon ku Iraq, Palmyra ku Syria ndi ziboliboli za Buddha za ku Bamiyan ku Afghanistan, koma malo onsewa ndimangowaona pazithunzi. Masiku ano pa YouTube ndikuona achinyamata akuyenda ku Afghanistan, ku Iraq ndi ku Syria, akuseka ndi anthu m'misika, ena mpaka kujambulitsa ndi asilikali. Iwo akuti manyuzipepala amangokokomeza. Ndasunga kandalama ndipo mtima uli dyokodyoko. Mayi akunyumba akuti ndapenga. Zoona zake n'ziti, ndipo ulendo wotere munthu amaukonzekera bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, kupenga simunapenge, koma mayiwo musafulumire kuwatsutsa. Ndagwira ntchito zaka zambiri yokonza maulendo a anamwino, madalaivala ndi ena ogawa thandizo m'madera a nkhondo, ndipo ntchito yanga yeniyeni m'mawa uliwonse inali kunena kuti galimoto inyamuke kapena ikhale. Chimene ndinaona m'zaka zimenezo n'chakuti kulowa m'dziko la nkhondo sikuvuta kwenikweni. Viza imapezeka, ndege imatera, wokulandirani amakhala ali chilili pabwalo la ndege akumwetulira. Povuta m'potuluka, tsiku limene zinthu zatembenuka. Ndiye funso limene ndikufuna muyende nalo ndi limene achinyamata a pa YouTube aja salifunsa: mukalowa mudzatulukira pati, ndipo adzakuuzeni ndani kuti nthawi yotuluka yakwana?

Achinyamatawo sakunama. Masiku ambiri m'dziko la nkhondo amakhala masiku wamba. Msika umadzaza, maukwati amachitika, ndipo mlendo amalandiridwa ndi manja awiri, mwinanso kuposa kwina, chifukwa anthu amene dziko lonse lawafulatira amakondwa akaona wina wabwera kudzawaona. Koma vidiyo imaikidwa pa intaneti ndi munthu amene wabwerako. Amene anatsekeredwa m'chitolokosi chifukwa chojambula nyumba yolakwika alibe vidiyo yoti akuonetseni. Pa 17 Meyi 2024 gulu la alendo linali mumsika wa ku Bamiyan komwe mukufuna kupitako, munthu wa mfuti n'kuyamba kuwawombera. Atatu a ku Spain anaphedwa, limodzi ndi anthu ena a ku Afghanistan komweko, ndipo gulu la zigawenga la Islamic State linati ndilo linachita. Alendo ambiri anali atadutsa mumsika womwewo miyezi ya m'mbuyomo n'kubwerako ndi zithunzi zokongola. Zithunzizo si zabodza, ndipo malirowo si abodzanso.

Mawu akuti "dziko loopsa" ine ndimawapewa. Nkhondo imagwa ngati mvula yoyamba, munda uwu wanyowa, wa mnzako uli gwa. Pamene Islamic State inkalamulira mzinda wa Mosul ku Iraq, kuyambira 2014 mpaka 2017, mumzinda wa Erbil, womwe sutalikirana ndi Mosul makilomita 100 n'komwe, mahotela anali otsegula. Hargeisa ndi Mogadishu pamapu ambiri zili m'dziko limodzi la Somalia, koma moyo wake ndi wosiyana kutalitali. Zimachitikanso mosemphana: mu Julaye 2018 alendo anayi opalasa njinga anaphedwa ndi zigawenga pamsewu ku Tajikistan, dziko lomwe silinali pankhondo iliyonse. Maboma ena amasindikiza machenjezo a apaulendo, ndipo aliyense atha kuwawerenga ngakhale si nzika yawo. A ku America, kuyambira mu Januwale 2018, amagawa mayiko m'magawo 4, ndipo gawo la 4 ndi lakuti osapitako. A ku Britain amapaka mapu mitundu, chigawo ndi chigawo, kufiira kukhala kumene akuti osapondako. Werengani machenjezo a maboma angapo, ndipo muwerenge ndime zake zonse, osati kungoyang'ana mtundu. Ndale zimalowamo ndithu, ndipo nthawi zina amaopseza mopitirira pofuna kudziteteza okha, koma akatchula dzina la msewu kapena la chigawo, amakhala ali ndi chifukwa.

Vuto la mapu n'lakuti amakalamba msanga kuposa mmene munthu angaganizire. Ku Syria magulu otsutsa boma anayamba kuukira pa 27 Novembala 2024. Pofika pa 8 Disembala anali atalowa mu Damascus, Bashar al-Assad atathawa, ulamuliro wa banja lake wa zaka zoposa 50 utathera pomwepo. Milungu iwiri sinakwane. Amene anakonza ulendo mu Okutobala anakonzera dziko lina, anakafika dziko lina. Ndipo ngakhale akatswiri amaphonya. Pa 22 Febuluwale 2021 kazembe wa Italy ku Congo, Luca Attanasio, anaphedwa kumpoto kwa Goma ali mumdipiti wa galimoto za World Food Programme, iye, msilikali womuteteza ndi dalaivala. Msewu umenewo unali utavomerezedwa kuti anthu angayendemo popanda operekeza a mfuti. Ngati anthu okhala ndi mawailesi, malipoti a tsiku ndi tsiku ndi ofesi yonse ya zachitetezo anaona msewu kukhala wabwino n'kukhala kuti si wabwino, inu ndi foni yanu mungadziwe chiyani? Sindikunena izi pofuna kukunyozani, inenso ndinali m'gulu la odziwawo ndipo ndinaphonyapo.

Nkhani imene ndimauza aliyense wofuna ulendo wotere ndi ya ku Khartoum, likulu la Sudan. Lachisanu pa 14 Epulo 2023 anthu anagona ali ndi matikiti a ndege m'zikwama. Kutacha Loweruka, asilikali a boma ndi a RSF, gulu la nkhondo lolimbirana nawo ulamuliro, anali akuwomberana pabwalo la ndege lenilenilo, lomwe lili pakati pa mzinda, ndipo ndege zina zinapsera pansi pomwepo. Magetsi anazima, madzi anasiya kutuluka, mabanki anatseka. Ofuna kuthawa anayenda pamsewu makilomita pafupifupi 800 kupita ku Port Sudan kukadikira zombo zowolokera ku Jeddah, ena analowera kumpoto n'kukagona masiku angapo pamzere kumalire a Egypt. Omvetsa chisoni kwambiri anali amene anasiya mapasipoti awo ku ofesi za akazembe podikira viza. Akazembe anatuluka m'dziko, zitseko zinakhomedwa, mapasipoti n'kutsalira mkati, ndipo ofesi zina zinawawononga zisanachoke kuopa kuti angagwere m'manja olakwika. Munthu ali ndi ndalama, ali ndi mpando m'basi, koma malire sangadutse.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti nkhondo imeneyo sinabwere mwakachetechete. Masiku awiri isanayambe, akuluakulu a asilikali a boma anali atachenjeza poyera kuti RSF ikusonkhanitsa asilikali ake. Ndege zinali zikuuluka, matikiti analipo. Anthu anamva, anati zimenezi tazimvapo kale, n'kupitiriza ntchito zawo. Umu ndi mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito. Ukakhala masiku asanu pamalo popanda choipa, mantha amasungunuka. Mfuti ikalira patali usiku woyamba sugona, wachitatu umangotembenuka n'kupitiriza tulo. Ndiponso ukawononga ndalama zambiri kuti ufike, ndipo chimene unadzera chatsala mtunda wa tsiku limodzi, mtima umapeza zifukwa zokhalira.

Ine zinandionekera. Tinali ndi anamwino awiri patauni ina yaing'ono yokhala ndi mlatho umodzi wokha wotulukira. M'mawa wina dalaivala anandiuza kuti amayi ogulitsa pamsika sanabwere, ndipo mkulu wa apolisi watumiza mkazi ndi ana ake kumzinda. Madzulo netiweki inayamba kudukaduka. Mankhwala amene tinkayembekezera anali oti afika mawa lake, ndiye ndinati tipirire tsiku limodzi. Usiku womwewo mlatho unagwidwa. Tinakhala masiku 9 pansi pa masitepe a nyumba, chifukwa ndi pokhapo pamene panali makoma awiri pakati pa ife ndi msewu, tikugawana madzi ndi kapu ya botolo. Palibe anavulala, koma si nzeru zanga zimene zinatipulumutsa. Kuchokera pamenepo ndinasiya kudalira maganizo a tsiku lomwelo. Musananyamuke, muli kunyumba mutu uli woziziritsa, lembani papepala zinthu zimene zikangochitika mudzanyamuka popanda kukambirana: kampani ina ya ndege ikaimitsa maulendo ake, ofesi ya kazembe iliyonse ikayamba kutumiza mabanja a antchito ake kwawo, boma likaika lamulo loletsa kuyenda usiku, intaneti ikazimitsidwa, mizere ya mafuta ikatalika mwadzidzidzi, wokuperekezani akayamba kuyankha mozemba. Chimodzi chokha chikwane. Mudzachoka maulendo anayi popanda choipa chilichonse kuchitika m'mbuyo mwanu, ndipo mudzadziona ngati wamantha. Vomerani manyazi amenewo.

Zotulukira zenizeni ndi zinthu zazing'ono. Pasipoti ikhale pathupi usana ndi usiku, osaisiya pahotela, osaisiya ku ofesi iliyonse. Ndalama zikhale zapamanja, madola kapena mayuro, zatsopano, chifukwa zakale ndi zong'ambika amazikana, ndipo muzigawe malo atatu. Khadi la kubanki muliiwale, ku Afghanistan ndi ku Iran makhadi akunja nthawi zambiri sagwira ntchito ngakhale pamtendere. Viza ya dziko loyandikana nalo muitengeretu musanapite, popeza njira yothawira kawirikawiri imakhala ya pamsewu. Mu Juni 2025, Israel ndi Iran zitayamba kuponyerana mizinga, Iraq inatseka mlengalenga mwake kwa masiku oposa 10, ndipo alendo anatulukira pansi, amene anali ndi mapepala olowera mbali inayo. Galimoto isatsike theka la thanki. Ndipo musathamangire kumene aliyense akuthamangira osaganiza. Pa 26 Ogasiti 2021, patapita masiku 11 a Taliban atalowa mu Kabul, bomba linaphulika pakati pa khamu lomwe linkakankhana pageti la bwalo la ndege, n'kupha anthu a ku Afghanistan pafupifupi 170 ndi asilikali a America 13. Machenjezo oti anthu achoke pamagetipo anali ataperekedwa dzulo lake.

Za kazembe musaike mtima kwambiri. Pangano la ku Vienna la 1963 limati mlendo akamangidwa ali ndi ufulu woti ofesi ya dziko lake idziwitsidwe ndi kumuyendera. Koma ufulu umenewo umafuna kuti ofesiyo ikhalepo, ndipo maboma ambiri alibe ofesi ku Kabul. Umafunanso kuti wokumangayo akhale boma lolemekeza mapangano, osati gulu la zigawenga. Amene ali nzika ya mayiko awiri asamale koposa: Iran siivomereza unzika wachiwiri, ndipo Ukraine itaika malamulo a nthawi ya nkhondo mu Febuluwale 2022 inaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko. Inshuwalansi nayo ndi msampha. Ya apaulendo wamba pafupifupi yonse ili ndi kandime kakuti siilipira zochitika chifukwa cha nkhondo, ndipo yambiri imafa yokha mukangolowa kumene boma lachenjeza kuti osapitako, ngakhale vuto lanu litakhala kuthyoka mwendo m'bafa. Ilipo yapadera ya madera oopsa, yodula, ndipo funso loti muwafunse ndi limodzi: ndikavulala pamalo akutiakuti, adzabwera kudzanditenga ndani, ndipo pa chiyani? Ayankhe polemba. Onaninso inshuwalansi ya moyo imene muli nayo kale, chifukwa ina imakana kulipira ana anu ngati munafera kumalo otere mwakufuna kwanu. Apa ndiye pamene mayi akunyumba ali ndi mawu.

Tsopano tifike pa rodibuloko, chifukwa ndi pamene mlendo amakumana ndi nkhondo maso ndi maso. Musaganize za geti lopaka penti ndi wapolisi wa yunifolomu. Nthawi zambiri ndi chingwe chomangidwa pamigolo iwiri, kapena mtengo wogwetsedwa pamsewu. Tsiku lina tinaima pa ina chakumadzulo. Anatiimitsa anali mnyamata wa zaka mwina 16, atavala patapata, maso ali psu, mfuti ikulendewera pamimba, chala chili pokhethemulira. Dalaivala wanga, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, anali atazimitsa kale wailesi, atatsitsa galasi, manja onse ali pachiwongolero. Ine ndinavula magalasi a dzuwa. Mnyamatayo atafunsa mapepala, ndinawerama kuti nditenge chikwama pansi pa mpando. Bambo aja anandigwira bondo mwamphamvu, n'kunena chapansipansi kuti, "Nenani kaye." Ndinakweza manja, iwo n'kumuuza mnyamatayo m'chinenero chake kuti mapepala ali m'chikwama pansi, kodi abwana atenge? Anamutcha mkulu wa asilikali, mwana woti akanakhala mdzukulu wawo. Iye anagwedeza mutu. Anagwira kalata yathu chozondotsa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, ife tili chete, palibe anamwetulira. Kenako anatsitsa chingwe.

Pa rodibuloko munthu wa mfuti amakhala ndi mantha kuposa inu, ndipo chimene sangapirire ndi kuchititsidwa manyazi pamaso pa anzake. Choncho mumafika pang'onopang'ono, usiku mumayatsa nyali ya mkati kuti akuoneni nkhope, foni simuigwira, alankhule munthu mmodzi, ndipo nkhani ya kumene mukuchokera ndi kumene mukupita ikhale imodzi kwa onse a m'galimoto. Osanama, osatsutsana naye, osaonetsa kuti mwafulumira. Rodibuloko ya m'mawa ndi ya madzulo ndi zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa dzuwa likapendeka anthu amakhala atamwa. N'chifukwa chake ulendo uliwonse umayamba kukawala n'kutha dzuwa likadali m'mwamba. Malaya obiriwira ofanana ndi a asilikali musatenge n'komwe, ngakhale chikwama cha mtundu umenewo. Chizindikiro cha Red Cross musachiike pagalimoto pofuna kudziteteza, n'chotetezedwa ndi mapangano a ku Geneva a 1949, ndipo kuchigwiritsa ntchito mwachinyengo kumaika pangozi amene chili chawo.

Kamera ndi foni zatsekeretsa alendo ambiri kuposa mfuti. Mlatho, bwalo la ndege, nyumba ya boma, gulu la asilikali, malo pamene pagwa mzinga, zonsezi wojambula amaoneka ngati kazitape. Ku Ukraine kufalitsa zithunzi za mayendedwe a asilikali ndi mlandu. Drone isiyeni kunyumba. Foni ya satelayiti ndi yothandiza netiweki ikazima, koma mayiko ena, monga India, amamanga munthu wolowa nayo popanda chilolezo, ndiye funsani kaye. Foni yanu idzafufuzidwa, choncho nthabwala zandale, zithunzi ndi mauthenga amene angawerengedwe molakwika zichotseni musananyamuke. Pa Facebook lembani mutabwerako. Kulengeza hotela imene mwagona ndi kumene mukupita mawa n'kudziitanira akuba anthu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo masiku ano mlomo uli m'thumba.

Popeza ndinu wa mbiri yakale ndipo mumakonda mabwinja, za mabomba okwirira pansi mumvetsetse bwino. Nkhondo imatha, iwo satha. Ku Laos kunaponyedwa mabomba olemera matani oposa 2 miliyoni pakati pa 1964 ndi 1973, ndipo mpaka lero alimi akuvulalabe. Pangano la ku Ottawa la 1997 linaletsa mabomba okwirira olimbana ndi anthu, koma mayiko ena akuluakulu sanasaine, ndipo zigawenga sizisaina kanthu. Ku Syria anthu ambiri afa ndi mabomba otere boma la Assad litagwa kale, pobwerera kumidzi ndi kuminda yawo. Lamulo lake ndi losavuta koma limaiwalika pamene mkodzo wakupanikizani: pondani pokhapo pamene pakuoneka kuti anthu ndi magalimoto akupondapo masiku ano. Kukodza, kodzerani pamsewu pomwepo kumbuyo kwa galimoto, manyazi pambali. Udzu wautali pakati pa minda yolimidwa, nyumba yabwino yomwe palibe akukhalamo, mtengo wodzaza zipatso zomwe ana sakuthyola, zonsezo zikukuuzani kanthu. Ku Afghanistan ochotsa mabomba amapaka miyala penti, yofiira mbali yoopsa, yoyera mbali yoyeretsedwa. Kachitsulo kalikonse kachilendo, kaya kakuoneka ngati chidole, musakatole kukhala chikumbutso. Mukazindikira kuti mwalowa pamalo okayikitsa, imani pomwepo, musasunthe phazi, itanani anthu.

Komabe m'zaka zanga zonse, amene ndinawathamangitsira kuchipatala ambiri sanali owomberedwa. Anali a ngozi za pamsewu, malungo ndi kutsegula m'mimba. Kusiyana kwake n'kwakuti kumalo otere chilonda chomwe kwina chikanasokedwa mu ola limodzi chimapha, chifukwa ambulansi kulibe, magazi kulibe, dokotala anathawa. Ngakhale chipatala chenichenicho si linga: cha bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières ku Kunduz, ku Afghanistan, chinaphulitsidwa ndi ndege ya nkhondo ya America pa 3 Okutobala 2015, anthu 42 n'kufa. Katemera yense mubayitse, kuphatikizapo wa poliyo, popeza Afghanistan ndi Pakistan ndi mayiko awiri amene kachilombo ka poliyo kachilengedwe sikanatheretu. Mankhwala anu a tsiku ndi tsiku mutenge owirikiza. Phunzirani kuletsa magazi, makamaka kumanga lamba uja amamutcha tourniquet ndi dzanja limodzi, chifukwa mtsempha waukulu ukaduka munthu amatha m'mphindi zochepa. Alipo maphunziro a masiku angapo amene atolankhani ndi ogwira ntchito zothandiza anthu amachita asanapite kumadera oopsa. Ngati ndalama zanu sizikukwana maphunzirowo ndi inshuwalansi ija, ndiye kuti sizinakwane ulendo.

Kubedwa ndi kumene kumawawitsa mabanja koposa, chifukwa kumatenga miyezi ndi zaka. Wofufuza wina wa payunivesite ya Princeton anabedwa ku Baghdad mu Malichi 2023 ndipo anamasulidwa mu Seputembala 2025. Maboma ena, monga a America ndi Britain, salipira dipo kwa zigawenga, ndipo mu 2014 nthambi ya zachitetezo ya United Nations inapempha mayiko onse kuti asamatero. Akuba anthu amadalira chizolowezi chanu, kudzuka ola lomwelo, kudutsa njira yomweyo, kukhala pampando womwewo. Amadaliranso munthu wapafupi amene angakugulitseni. N'chifukwa chake chisankho chachikulu pa ulendo wonse si hotela kapena ndege, ndi munthu wakomweko amene adzakuperekezeni, amene atolankhani amamutcha fixer. Musamupeze pa intaneti usiku umodzi. Lankhulani ndi anthu atatu amene anayenda naye chaka chino. Dziwaninso kuti munthu wolemekezeka m'chigwa ichi akhoza kukhala mdani kuseri kwa phiri chifukwa cha mtundu wake kapena chipembedzo chake, ndipo wabwino amanena yekha kuti uko ine sindingafikeko. Akanena kuti lero ayi, musamukakamize, ndipo mumulipire tsikulo ngati kuti mwayenda, kuopa kuti njala ingamunenetse inde.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene imandiwawa, ndipo ndikufuna muiganizire monga mphunzitsi. Mu Malichi 2007 mtolankhani wa ku Italy, Daniele Mastrogiacomo, anagwidwa ndi a Taliban ku Helmand, ku Afghanistan, limodzi ndi dalaivala wake Sayed Agha ndi womasulira wake Ajmal Naqshbandi. Dalaivala anaphedwa. Mtolankhaniyo anamasulidwa posinthana ndi akaidi asanu a Taliban. Womasulira anatsala m'manja mwawo, ndipo mu Epulo anaphedwa. Zinthu zikaipa, mlendo amakhala ndi boma lomulankhulira, pomwe womuperekeza amangotsala yekha. Ngakhale zitapanda kuipa, inu mukakwera ndege iye amatsala ndi mafunso a apolisi achinsinsi: mlendo uja anali ndani, munalankhula chiyani, anajambula ndani? Mayi amene wakuuzani zakukhosi kwake pa kamera, inu mwapeza vidiyo yabwino, iye mawa aitanidwa. Mtolankhani kapena dokotala atha kunena kuti ngozi imene akuikamo anzake ili ndi phindu kwa anthu akomweko. Wongokaona malo ayenera kudzifunsa mozama, ngakhale n'zoonanso kuti ndalama za alendo zimadyetsa mabanja amene alibe pena pogwira, ndipo ambiri a iwo amafuna ndithu kuti alendo abwere.

Ndiye pa malo anu atatu, ndikanakhala inu ndikanatere. Bamiyan ndikanaisiya pakadali pano. Ziboliboli zija a Taliban anaziphulitsa mu Malichi 2001, chimene mungakaone ndi mapanga opanda kanthu m'thanthwe, ndipo kukafika kumeneko n'kuyenda maola ambiri pamsewu m'dziko limene mukamangidwa simudzakhala ndi wokuyenderani. Palmyra idikire. Kachisi wa Bel anaphulitsidwa ndi Islamic State mu Ogasiti 2015, mwezi womwe anaphanso Khaled al-Asaad, katswiri wokalamba amene anasamalira mabwinjawo zaka zambiri, ndipo chipululu chozungulira chidakali ndi mabomba okwirira. Babylon ndiyo yotheka kwambiri mwa atatuwa. Ili makilomita osakwana 100 kummwera kwa Baghdad, UNESCO inaiika m'kaundula wa malo ofunika a dziko lonse mu 2019, ndipo magulu a alendo amapitako. Ndikuchenjezeni chabe kuti makoma ambiri amene mudzaone anamangidwanso m'nthawi ya Saddam Hussein, njerwa zina zili ndi dzina lake, ndipo Geti la Ishtar la njerwa zabuluu zenizeni lili ku Berlin, pamalopo pali chongofanizira. Pitani m'gulu, ndi kampani yomwe yakhala ikuyendetsa anthu kumeneko zaka zingapo, masiku ochepa, tikiti yotha kusintha tsiku, ndipo machenjezo muwawerengenso mlungu wonyamukira, ngakhale m'mawa wa tsikulo.

Musanagule tikiti, khalani pansi ndi mayi akunyumba mukonze envelopu. Muikemo makope a pasipoti ndi viza, pepala la inshuwalansi ndi nambala yake yoimbira usiku, gulu la magazi anu, dzina ndi nambala ya wokuperekezani, ndondomeko ya kumene mudzagone tsiku lililonse, wilo, ndi mafunso atatu pamodzi ndi mayankho ake, amene wina sangawadziwe kupatula inu, oti akadzaimbiridwa foni ndi munthu wonena kuti ali nanu, atsimikizire kuti muli moyo. Muikemonso pepala lija la zinthu zokunyamutsani, ndipo muwapatse mphamvu yoti akaona chimodzi chachitika, akuuzeni kuti bwererani ndipo inu musatsutse. Mugwirizane ola limene mudzaimba tsiku lililonse, ndi amene iwo adzamuimbire pakadutsa maola atatu muli zii. Akawerenga zonsezo n'kuvomera kusunga envelopuyo, pitani ku Babylon. Akaibweza, aphunzitsi, ndalamazo zisungeni kaye.